Chitupa cha Jameson

Berea, Joni
11 Febuluwale 2024

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali a Betty ndi onse a ku Tshabalala, ku Bulawayo kwathuko. Ine kuno ndili bwino. Kalatayi ikupezani ndi Blessmore, malayitsha wonyamula katundu wa anthu kuchokera kuno kupita kwathu, wa galimoto loyera uja. Ndamupatsa mafuta ophikira, shuga, sopo, mankhwala anu a BP a miyezi itatu ndi marandi 800. Muone katunduyo iye ali pomwepo. Sindikuti ndi wakuba, koma galimoto lake limakonda kunyambita shuga likafika pachipata cha m'malire cha Beitbridge.

Ndikudziwa mukuseka kuti mwana wokhala ndi foni yodula akulemba kalata ngati wa kumigodi. Nanga nditani? Ndikaimba mumangoti eya, eya, kenaka mwapatsira azakhali. Kalata ndiye mumaiwerenga kawiri mutavala magalasi. Chichewa changa chikatsimphina penapake musandinene, munandiphunzitsa ndinu pondiwerengetsa Baibulo, ndipo kuno ndilibe wocheza naye m'chilankhulochi.

Azakhali andiuza kuti munakwera padenga kukamata podontha. Munthu wa zaka 78, Ababa? Anzanu a msinkhu umenewo akuyendera ndodo. Pezani munthu wa ganyu, ndilipira ine.

Basiketibo ikuyenda. Loweruka tinapambana, ine ndinagoletsa mapointi 21. Lamulo la ligi kuno limalola alendo awiri okha pa masewera alionse, ndiye m'timu mwathu alendowo ndi ine ndi mtsikana wina wa ku Congo. Masewera atatha anandipeza bambo wina wochokera ku timu yaikulu ya ku Maputo. Kumeneko mpira wa akazi amaulemekeza, anthu amadzaza holo ndipo osewera amalandira malipiro enieni. Anatenga nambala yanga. Sindikufuna kuvina ng'oma isanalire, koma mtima ukudumpha.

Tsopano nkhani yeniyeni. Pasipoti yanga ikutha mu Okutobala, ndipo pemiti yanga ya kuno ithera pomwepo. Kuti ndipeze yatsopano akufuna satifiketi yanga yobadwira, yaitali ija, ndi kope la chitupa chanu. Pasipoti yoyamba ija ankayendetsa ndi malemu amayi, ine sindinadziwe kuti zimavuta chonchi. Zonse zili m'bokosi lanu lachitsulo pansi pa bedi. Mumupatse Blessmore akamabwerera.

Ndine mwana wanu,
Tisunge

Berea, Joni
17 Malichi 2024

Okondedwa Ababa,

Ndasangalala kumva kuti chifuwa chija chatha. Ine ndili bwino.

Phukusi ndalandira. Mfutso wafika, macimbi, mphalabungu zouma zija, afika, mpaka ndimu za mumtengo wa kuseri kwa nyumba zafika. Ndakutumula thumba lonse, ndalitembenuza, mapepala mulibe. Kalata yanu ili ndi mizere inayi: iwiri ya mvula imene yakana kugwa, umodzi wa mpingo, womaliza ukuti kiyi wa bokosi wasowa. Kiyi uti, Ababa? Yemwe mumamangirira palamba chibadwire changa uja? Ngati wasowadi, pa depoti ya mabasi ya Egodini pali anthu odula makiyi. Kapena ingothyolani loko, ndigula wina.

Kuno kwabwera mtsikana wa ku America, dzina lake Erica. Munthu wabwinobwino, amaseka ndi aliyense, ndipo zikundivuta kumuda ngakhale ndikuyesetsa. Koma alendo takhala atatu, malo ndi awiri. Eni timu anamulipirira ndege, ndiye sangamukhazike pabenchi. Wa ku Congo ndi wamtali kuposa tonse. Wotsalayo mukumudziwa. Masewera atatu apitawa ndawaonera nditavala jekete, ndikuombera anzanga m'manja. Erica amaponya bwino ali patali, koma kutchinga satha, mdani amamudutsa ngati pachipata chotsekula. Kochi akuziona ndithu, amangoyang'ana kumbali.

Ndikakhala pabenchipo ndimakumbukira bwalo la ku Sizinda, simenti yong'ambika, ring'i yopindika yopanda ukonde. Ndinasewera zaka zisanu ndi chimodzi mu Sizinda Arrows malipiro ake ali ndalama yokwerera kombi ndi botolo la maheu. Kwathu komweko pamapepala a timu ankandifunsa kuti Kamwendo ndi dzina la kuti. Kuno ndine mlendo, ku Bulawayo ndine mwana wa Manyasalandi, ku Ntcheu kwanu sadziwa n'komwe kuti ndilipo. Inu mpaka lero mumauza anthu kutchalitchi kuti mwana wanu amasewera ntchembere mbaye. Si ntchembere mbaye, Ababa, ife timathamanga nawo mpira tikuugunditsa pansi, ndakuuzani kambirimbiri.

Ulendo uno ndatumiza marandi 500 okha, zinthu zasintha pang'ono. Chonde mapepala aja.

Mwana wanu,
Tisunge

Berea, Joni
5 Meyi 2024

Okondedwa Ababa,

Moni kwa inu ndi azakhali. Kuzizira kwayamba, muzivala juzi lija ndinakugulirani, silinali lokongoletsera m'kabati. Ine ndili bwino, bondo lakumanzere limangondikumbutsa kuti lilipo, koma si nkhani.

A ku Maputo aimba. Akundifuna kwa zaka ziwiri, nyumba apereka okha, dokotala wa timu alipo, malipiro ndi katatu a kuno. Nditamva ndinakhala pansi pamasitepe a jimu n'kulira ngati mwana. Ndili ndi zaka 29. Mpira uwu sadikira munthu, ukafika 31 amayamba kukuyang'ana m'mawondo ngati ng'ombe ya pamsika. Mwayi wina ngati uwu subweranso.

Anena chinthu chimodzi: pofika pa 31 Ogasiti, tsiku lotseka kalembera wa osewera, ndikhale ndi pasipoti yatsopano m'manja. Ikapanda kutuluka atenga wina.

Ndinakafunsa ku ofesi yoona za mapasipoti athu kuno. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wa pawindo anandifotokozera bwinobwino kuti popeza bambo anga anabadwira kunja kwa dziko, kope la chitupa lokha silikwanira. Muyenera kupita nokha ku ofesi ya m'tauni ku Bulawayo ndi chitupa chanu, mukalumbire pamaso pa wolumbiritsa kuti ndinu Jameson Kamwendo, munabadwa chaka chakuti kumalo akuti, ndipo ine ndine mwana wanu. Basi. Mphindi khumi sizikwana. Kombi imodzi kuchokera pa Tshabalala, mubwerera tiyi asanazizire.

Lachitatu nditakuimbirani kuti ndikuuzeni zimenezi munangopereka foni, kenaka ndinamva mawu a azakhali akundifunsa za mtengo wa mabulangete. Lachisanu anati mwapita kumaliro. Lamulungu anati mwagona. Inu kugona masana, Ababa?

Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwambiwu ndinaumvera kwa inu. Ngati ndi mzere mukuopa, azakhali akakugwirirani malo. Ngati ndi nsapato, nenani saizi. Ingondiuzani chimene chikuvuta, chifukwa ine kuno mutu waima.

Mwana wanu,
Tisunge

Rosettenville, Joni
16 Juni 2024

Ababa,

Ndamva kuti muli bwino, ndiye ndithokoze Mulungu. Ine ndilipo.

Muona kuti keyala yasintha. Chipinda cha ku Berea chinali cha timu. Kochi anandiitana n'kunena kuti ndipume kaye mpaka chaka chamawa, mawu okoma onenera kuti nyamula zako. Panopa ndikukhala ndi mnzanga Nokuthula wa kwathu ku Nketa, ndipo masana ndimathandiza penapake pamene pamafunika munthu wamtali wofikira mashelefu apamwamba. Zambiri za kumeneko sindilemba. Madzulo ndimapita ndekha pabwalo la sukulu ina kukaponya mipira mazana awiri, kuti a ku Maputo asadzalandire chigoba.

Blessmore wabwera kawiri chimanjamanja. Akuti munamuuza kuti nkhani za m'banja si za malayitsha.

Ndiye lekani ndinene, mukakwiya mukwiye. Inu mpirawu simunaufune chiyambire. Tsiku limene ndinasankhidwa kukasewera ku Gaborone, ulendo wanga woyamba kutuluka m'dziko, munati mtsikana wovala kabudula pagulu sakwatiwa. Amayi ndi amene anagulitsa tomato kuti ndipeze nsapato. Masewera anga simunaonerepo ngakhale amodzi, chonsecho bwalo la Sizinda ndi poyenda pansi. Ndinkati ndi ukalamba, ndinkati ndi chikhalidwe cha kwanu. Koma izi ndi zina. Mukudziwa kuti mukangokhala chete mpaka Ogasiti ndibwerera ndekha ngati galu wonyowa, ndidzakhale pakhomo kukuphikirani tiyi. Ngati ndi zimene mukufuna, nenani poyera. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, kubisala kumbuyo kwa azakhali ndi kiyi wosowa!

Zikundiwawa, Ababa. Sindinakupempheni munda kapena ng'ombe. Ndapempha kuti mukanene dzina lanu pamaso pa munthu, dzina limene mumalemba tsiku lililonse.

Kumayambiriro a Julayi ndikubwera ndi Blessmore masiku atatu. Ndidzakutengani ndekha kupita nanu m'tauni, ngakhale kukuberekani kumsana, mphamvu ndili nazo. Mwezi uno ndatumiza mankhwala okha.

Tisunge

Rosettenville, Joni
14 Julayi 2024

Okondedwa Ababa,

Ndinafika bwino Lachiwiri. Ndikhulupirira mwayambanso kudya, chifukwa masiku atatu amene ndinali kumeneko munkangogwiragwira mbale.

Kalatayi ndaiyamba kanayi. Pakhomo paja sitinalankhulane. Ine ndinkakalipa, inu munkapalira maluwa opalira kale. Ndinachoka osakutsanzikani, ndipo zimenezo ndikupepesa.

Azakhali anandiperekeza mpaka pa Egodini. Tikudikira Blessmore anandikokera kuseri kwa amayi ogulitsa malalanje, nati, "Iwe ntombi, mtsikana iwe, leka kuwazunza abambo ako. Jameson tinamuika m'manda ku Ntcheu mu 1978. Awa ndi Lyson, mng'ono wake."

Ndinaganiza kuti azakhali ayamba kuzungulira mutu. Koma anafotokoza zonse mwadongosolo. Akuti munabwera ku Bulawayo muli mnyamata kutsatira akulu anu a Jameson, amene ankagwira ntchito kufakitale ya mabulangete. Iwo atadwala anabwerera kumudzi kukafera komweko, n'kukusiyirani chitupa, nambala ya ntchito ndi malo awo pamndandanda wa nyumba. Inu munalibe pepala lililonse, ndipo nkhope zinali zofanana. Lolemba lotsatira munakaima pamakina awo, kapitawo anayang'ana kumbali, basi munakhala Jameson. Akuti ambiri a kwathu ankachita choncho nthawi imeneyo. Nyumba ya ku Tshabalala, kapenshoni kanu, satifiketi yanga, zonse zili m'dzina la munthu amene anamwalira ine ndisanabadwe. Ndiye muli ndi zaka 67. N'chifukwa chake denga mumalikwera ngati mnyamata, ine kuno n'kumadya mutu.

Azakhali akuti kulemba dzinalo munazolowera, koma kulumbira simunalumbirepo, ndipo munawauza kuti simungaike dzanja pa Baibulo n'kunena bodza. Mukanenanso zoona mukuopa kuti alanda nyumba, mwinanso kukutsekerani.

Ndamva, Ababa, ndipo mawu a mu kalata ija ndikuwabweza. Koma ndikunamizeni chifukwa chiyani, mtima wanga sunagwe pansi. Zaka zonsezi amayi ankadziwa, azakhali ankadziwa, ine ndekha ndinali chitsiru cha pakhomo. Ndipo ndifunse: mwakhala Jameson zaka 46. Ndi Jameson amene anakwatira amayi, ndi Jameson amene anandilera. Mukakanena kuti ndinu Jameson, bodza lake lili pati? Mulungu akukudziwani kale, sadzadabwa. Kwatsala masabata asanu ndi awiri. Kalumbireni, Ababa, kamodzi kokha, chifukwa cha ine.

Mwana wanu,
Tisunge

Rosettenville, Joni
4 Ogasiti 2024

Okondedwa Ababa,

Sindifunsa ngati muli bwino chifukwa azakhali andiuza kale. Akuti chilandirireni kalata yanga simunapite kutchalitchi milungu iwiri, inu amene simujomba ngakhale mukudwala malungo. Akuti Lachinayi la amayi a mvano anabwera kudzakuonani, inu munadzitsekera kuchipinda. Akutinso mwatulutsa suti yakuda ija, mwaisita, mwaipachika pachitseko.

Musapite. Ndikubwereza, musapite.

Kalata ija ndinailemba ndi njala ya mpira. Ndinakupemphani chinthu chimene mwana sayenera kupempha kholo lake. Nditaitumiza ndinakhala ndikudziuza kuti ndanena zanzeru, koma ndikaganiza za inu mutaima pamaso pa munthu wachilendo, dzanja pa Baibulo, chakudya chimandikanika. Mukachita zimenezo ndidzapitadi ku Maputo, koma inu mudzatsala ndi chinthu chimene simudzatha kuchitula kwa aliyense. Ndikukudziwani.

Komanso musakanene zinazo. Nyumba ija mwailipira ndi thukuta lanu, amene anaima pamakina zaka zonse zija ndinu, osati malemu. Musaiike pachiswe chifukwa cha mpira. Ingokhalani pakhomo, sutiyo muibwezere m'kabati.

A ku Maputo sindinawauze kanthu. Amaimba Lolemba lililonse kufunsa za pasipoti, ine n'kumati ikubwera, ikubwera. Pakamwa pakukana kunena kuti atenge wina. Ndikadali kupita kubwalo madzulo, sindikudziwa kuti ndikukonzekera chiyani. Dzulo ndinaponya mipira makumi atatu motsatizana osaphonya, pabwalo popanda ndi munthu mmodzi yemwe woona. Ndinakwiya mpaka ndinauponya mpirawo kuseri kwa mpanda, kenaka n'kuyenda ndekha kukautola.

Ndakwiya, Ababa, koma sindikudziwanso kuti ndakwiyira ndani. Kapitawo uja, a Jameson, inu, ine ndemwe. Mwa zonsezi chimene ndikuchidziwa n'chimodzi, sindikufuna pasipoti yogula ndi tulo tanu.

Ndatumiza shuga ndi tiyi. Lamulungu mupite kutchalitchi.

Mwana wanu,
Tisunge

Rosettenville, Joni
1 Seputembala 2024

Okondedwa Ababa,

Moni. Akuti tsopano mukudya bwino, mpaka kupempha zowonjezera. Ine ndili moyo.

Ndinati musapite. Ndinalemba kawiri pamzere umodzi, ndinaimbanso foni katatu kudzera kwa azakhali. Inu munawerenga, munapinda kalata, m'mawa mwake munavala suti n'kukwera kombi.

Azakhali, amene anakutsatirani akulira njira yonse, andiuza momwe zinayendera. Akuti wolumbiritsa atakupatsani Baibulo n'kufunsa dzina, munayankha mokweza mpaka a pamzere anatembenuka: "Ndine Lyson Kamwendo. Jameson anali mkulu wanga, anamwalira. Koma mwana uyu ndi wanga, mulembe zimenezo." Akuti bamboyo anavula magalasi n'kukakutengerani mpando.

Ndiye taonani pamene tafika. Chitupa chanu achisunga kuti afufuze. Fayilo yanga yaima mpaka yanu itatha. Loya wina wa kumpingo kwanu akuti kumangidwa sakukuona, munthu wodzipereka yekha pa nkhani yakalekale, koma za nyumba ndi penshoni sakulonjeza kanthu, ndipo zonse zingatenge chaka kapena ziwiri. Kalembera ku Maputo anatseka dzulo. Atenga mtsikana wa ku Senegal wa zaka 23. Kochi wawo anandiimbira yekha kupepesa, akuti mwina chaka china. Tonse awiri tinkadziwa kuti akungonena.

Munali ndi njira ziwiri, Ababa. Ina ikanapulumutsa mpira wanga, ina ikanapulumutsa nyumba yanu. Inu munapeza yachitatu yotaya zonse ziwiri. Azakhali akuti munkaganiza kuti mukanena zoona m'mawa, masana andipatsa pasipoti. Zaka zonsezi m'dziko limenelo, simudziwa momwe mapepala amayendera? Ndalira, ndatukwana khoma, Nokuthula mpaka anandithira madzi kumaso. Musayembekeze kuti ndinena kuti zili bwino, chifukwa sizili bwino. Mpira uja ndinkaufuna ndi mtima wanga wonse ndipo wapita.

Koma palibe munthu anayamba wandichitirapo chinthu chachikulu chotere, ngakhale chopusa chotere. Munaika denga lanu pansi kuti munene pagulu kuti ndine wanu. Ndikufuna kukukalipirani ndipo ndikufuna kukugwirani dzanja, sindikudziwa kuti ndidzayamba chiti.

Sindidikira kuti pemiti ithe. Ndikubwera Loweruka pa 14 ndi katundu wanga yense. A Sizinda Arrows ati malo alipo, malipiro ndi omwe aja. Masiku opita ku ofesi tizidzapita limodzi, ndipo akadzabwera za nyumba adzatipeza tonse awiri pakhomo.

Pa envelopu ndalemba dzina lakale lija kuti Blessmore asasokonezeke. Koma pa Egodini musatume azakhali. Abwere a Lyson Kamwendo okha kudzanditenga. Ndakhala mwana wawo zaka 29 ndipo sitinaonanepo.

Ndine mwana wanu,
Tisunge